Kudikira Dona Ivi

Tulo tinamukana Fainesi usiku umenewo. Anatembenukira kukhoma, anatembenukira kukhomo, anakankha bulangete, analikokanso, koma maso anali gwa. Mvula inkasokosera pamalata a kachipinda ka antchito kuseri kwa khitchini, ndipo ngumbi zothothoka mapiko zinkakwawira pansi pa chitseko kuchokera pa babu la pakhonde. Kunkacha tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi.

Fainesi Mulekano anali khukhi wamkulu pa loji ina ya m'mapiri a ku Thyolo, pakati pa minda ya tiyi. Nyumbayo inali yakalekale, ya njerwa zofiira, khonde lozungulira mbali zonse. Nthawi ya azungu munkakhala bwana wa esiteti. Kenako anaigula mkulu wina wamabizinesi wa ku Blantyre, naikamo mabedi ndi matebulo, naika Mayi Kaliwo kukhala manijala. Chaka chilichonse pa 24 Disembala Mayi Kaliwo ankakonza phwando lalikulu la madzulo, ndipo sankalitchula m'Chichewa ayi. Ankati Khirisimasi Ivi, monga Angerezi amatchulira madzulo oti kukacha ndi Khirisimasi. Sabata imeneyo antchito onse ankagona komweko. Zopita kwanu kunalibe.

Koma mtima wa Fainesi unali kumudzi, kutsidya kwa mtsinje, kumene anasiya mwana wake mmodzi yekhayo, Sungeni, wa zaka zisanu, m'manja mwa amayi ake, a Edina. Bambo a mwanayo anapita ku Joni Sungeni akukwawa, ndipo anamezedwa komweko. Pamene Fainesi ankanyamuka Lamulungu, mwanayo anali wonyontsoka, osafuna kusewera ndi anzake. Ndiye madzulo a usiku wosagonawu anaimba foni.

"Ali bwanji Sungeni, amayi?"

"Akutentha thupi pang'ono. Ndamumwetsa panado. Iwe gwira ntchito, usade nkhawa."

"Wadya?"

"Wamwa madzi."

"Mpatseni foni ndimve mawu ake."

"Wagona."

A Edina sankadziwa kunama. Mawu awo akamakwera m'mwamba ngati akufuna kuyamba nyimbo, Fainesi ankadziwa kuti pali chimene akubisa. Chifukwa chake ankachidziwanso: ufa wa pakhomopo, sopo, ndi mankhwala a miyendo ya a Edina, zonse zinkachokera m'khitchini ya loji.

Anapita kwa Mayi Kaliwo, amene anali pabalaza akumangirira timipira tonyezimira pa kamtengo ka paini.

"Madamu, mwana wanga akudwala. Ndimapempha ndikamuone m'mawa. Pofika masana ndikhala nditabwera."

Mayi Kaliwo sanatembenuke n'komwe. "Ana amatentha thupi, Fainesi. Anga atatu onse anatenthapo, ndipo ali moyo. Ikadutsa Khirisimasi Ivi upita."

Mawu amenewo ndiwo ankamulanda tulo, chifukwa sikanali koyamba kuti alankhulidwe m'nyumba imeneyi kwa munthu wa magazi ake.

Anganga ake, a Jailosi Namakhwa, bambo a amayi ake, anali khukhi m'khitchini yomweyi ali mnyamata. Nkhani yawo ankaisimba okha, ndipo ankaiyamba ndi kuseka. Chaka chawo choyamba pantchito, Chingerezi chimene ankadziwa chinali cha mapoto ndi mbale basi. Sabata yonse ankamva dona wa bwana akuti nkhukundembo iyi nja Khirisimasi Ivi, matambula awa muwapukute chifukwa cha Khirisimasi Ivi, nsalu zoyera zija n'za Khirisimasi Ivi. Iwo anangoti Ivi ndi mlendo, mzungu wina wamkazi wolemekezeka, mwina wochokera ku Zomba, amene akubwera kudzadya Khirisimasi.

"Ndiye galimoto iliyonse ikaima, ine khosi pawindo," ankatero anganga. "N'kumafunsa mnzanga woperekera zakudya, kodi Dona Ivi ndi ameneyo? Nanga uyo wachipewayo?"

Adzukulu ankafa ndi phwete. Anganga nawo ankaseka, kenako ankasiyira pomwepo, n'kudzuka kuti akaone mbuzi.

Mbali yotsalayo Fainesi anaimva kwa amayi ake atakula. Tsiku la Khirisimasi Ivi lija masana, mkazi wa a Jailosi anabwera kuchokera kumalaini, kunyumba za antchito, khanda lawo loyamba lili kumbuyo, likutentha ngati khala. Anaima pawindo la khitchini. A Jailosi anakapempha kuti aperekeze mkazi ndi mwana kuchipatala cha mishoni, poti njira yake inali yaitali ndiponso yowoloka madzi. Anawayankha m'Chingerezi, ndipo chimene iwo anatolapo n'chakuti adikire kaye Khirisimasi Ivi. Anauza mkazi wawo kuti, "Bwerera kunyumba. Mlendoyu akangofika n'kudya, ndikupeza." Anadikira. Magalimoto anabwera, azungu anadya, anaimba, anavina. Phwando likutha m'pamene mnzawo uja anawamvera chisoni n'kuwauza kuti kulibe munthu dzina lake Ivi, limeneli ndi dzina la usiku womwewu. Atathamangira kumalaini anapeza amayi akhala kale pakhomo, maliro akulirika.

Chaka chotsatira, m'mawa wa tsiku lomwelo, a Jailosi anavula yunifomu, anaipinda bwinobwino, anaisiya patebulo, natuluka. Ntchito inathera pomwepo. Pabanja pawo anaika lamulo: usiku umenewo mwana aliyense wa kwa Namakhwa amagona pakhomo pake, ndipo akasonkha moto amasonkhera anthu ake, osati abwana. Lamulolo linasungidwa iwo ali moyo, linasungidwanso atamwalira. Woyamba kuliphwanya anali Fainesi. Chaka chatha ndi chinzake anaphika pa loji, ndipo a Edina anangoti, "Nthawi zinasintha, mwanawe. Omwalira sagula ufa."

Tambala woyamba atalira kumalaini, tulo tinamuba.

Anangoona ali chiimire m'khitchini. Inali khitchini yomweyi, koma munalibe filiji, munalibe sitovu ya gasi. Pakona panali chisitovu chakuda cha nkhuni, ndipo denga linali bii ndi mwaye. Munkamveka fungo la utsi wa bulugamu, mafuta opsa, ndi dothi lonyowa. Kuchipinda chodyera mafoloko ankagunda mbale, anthu ankaseka, koma phokoso lonselo linali lakutali, ngati likuchokera pansi pa madzi.

Pasitovu panali mnyamata woonda, wovala zoyera, lamba wofiira m'chiuno, kuphazi kulibe nsapato. Ankathira msuzi pamsana pa nkhukundembo ndi sipuni yaitali. Amathira, amasuzumira pawindo, amathiranso. Fainesi anali asanaonepo chithunzi cha anganga ake ali mnyamata, koma anawadziwa ndi chala chawo chakumanzere chimene chinapindika ndi moto.

Pawindo panamveka go, go, go.

Kunja mvula inali kugwa, ndipo mumvulamo munaima mkazi, nsalu itakakamira pathupi, mwana ali kumbuyo. Sankalankhula. Ankangogogoda ndi chala chimodzi, mwaulemu, ngati munthu woopa kusokoneza eni nyumba. Fainesi anafuna kuthamangira kukhomo, koma mapazi ake anali ngati amera mizu m'simenti. Mkaziyo atayandikiza nkhope pagalasi, Fainesi anaona kuti ndi a Edina. Ndipo kamwendo kotuluka pansalu sikanali ka khanda. Kanali katali, kokhala ndi chipsera pabondo, chimene Sungeni anachitenga atagwa mumtengo wa gwafa. Kamwendoko kankangolendewera.

Mnyamata uja anaika sipuni pansi. Pamene ankatembenuka, nkhope inali ya nkhalamba, imvi zili mbuu, anganga omwe aja ankamukhazika pamwendo n'kumamugawira mbatata yootcha.

"Fai."

"Wawa, anganga."

"Ukuphikira yani?"

"Alendo, anganga."

"Nanga uyo?" Analoza pawindo ndi chibwano.

Fainesi anayang'ananso kamwendo kaja.

"Ine ndinadikira chifukwa sindinkamva chinenero chawo. Iwe ukuchimva. Ukudikira chiyani?"

"Andichotsa ntchito."

"Akuchotse."

Anamuyandikira. Dzanja lawo linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anamasula mfundo ya epuloni yake, ndipo epuloniyo inagwa pansi osamveka ngakhale pang'ono.

"Dzuwa lisakupeze m'nyumba muno. Akakufunsa, uwauze kuti usiku uno Jailosi anaulipira kale. Salipira kawiri."

Moto wa m'sitovu unazima. Kuseka kwa m'chipinda chodyera kunatha. Ndiye kugogoda kuja nakonso kunasiya, ndipo bata limenelo ndilo linamudzidzimutsa.

Anadzuka thukuta lili kamukamu, kuzizira kwa dzanja lija kukadali pamsana. Kunja kunali kutayamba kuyera. Anaimba foni ya amayi ake, inali yozima. Anaimbanso, chimodzimodzi. Sanakhalenso pansi. Anaponya zovala m'chikwama, anamanga duku, anatenga epuloni yake pamsomali n'kulowa nayo m'khitchini.

Anapeza a Sandalamu, khukhi wachiwiri, akusenda anyezi, ndipo Mayi Kaliwo atavala juzi pamwamba pa diresi logonera, makiyi a sitolo ali m'manja.

"Chikwama n'cha chiyani?" anafunsa Mayi Kaliwo.

"Ndikupita kwa mwana wanga, madamu."

"Tinakambirana dzulo."

"Dzulo munalankhula ndinu. Ine ndikuyankha lero."

A Sandalamu anasiya kusenda, mpeni uli m'malere.

"Alendo akuchokera ku Lilongwe, ku Blantyre, ena kunja kwa dziko. Eni loji akubwera ndi banja lawo lonse. Ndiwadyetse chiyani ine? Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, Fainesi. Pofunsira ntchito ino unkadziwa kuti ilibe holide."

"Nyama ndinainyika kale m'zokometsera, makeke ali m'filiji. A Sandalamu awa akhala pambali panga nthawi yonseyi. Manja ali nawo."

"Alendo amabwerera dzanja lako, osati la Sandalamu." Mayi Kaliwo anausa moyo, natsitsa mawu. "Tamvera. Masana ndituma dalaivala apite kwanu ndi mankhwala, akamuone mwanayo. Ndikukupempha ngati mayi mnzako. Ukandisiya lero, wochotsedwa ntchito mawa ndine."

Apa mtima wa Fainesi unagwedezeka. Mayi Kaliwo sanali munthu wankhanza. Ndi iwo anamutola akuphika m'kalesitilanti ka kumsika, namuphunzitsa zakudya zimene anali asanazilawepo. Ndipo zoti eni loji sakhululuka, aliyense ankadziwa. Koma m'maso mwake munabweranso kamwendo kaja.

"Masana n'kutali, madamu."

"Wamva uthenga wanji? Akuimbira foni?"

"Ayi. Ndalota."

"Walota!" Mayi Kaliwo anaomba m'manja. "Undigwetsere phwando chifukwa cha maloto? Iwe si mayi wa mvano iwe?"

"Ndine wa mvano ndithu. Yosefe naye anauzidwa kumaloto kuti anyamule mwana, ndipo sanadikire kuti kuche."

"Chabwino. Ukatuluka pageti paja, usadzabwerenso."

Fainesi anayala epuloni patebulo, anaipinda, anaisalaza ndi chikhatho. Mawu anatuluka oongoka.

"M'khitchini muno munaphika anganga anga, nyumba ino ili ya azungu. Anawauza mawu omwe mwandiuza inuwa, iwo anamvera. Mwana wawo ali kumanda akale a kumalaini uko, kumene kunamera tiyi. Usiku uno kwathu tinaulipira kale, madamu. Sitilipiranso."

Anatuluka. Kumbuyo anamva Mayi Kaliwo akumuitana kawiri, koma sanacheuke.

Pageti alonda anaima patsogolo pa loko, akukanda m'mutu.

"Pepani, amake Sungeni. Andiimbira kuti ndisatsegule mpaka mubwerere mukamvane."

"Musatsegule, achimwene. Inunso muli ndi ana."

Anatsata mpanda mpaka pakona pamene agalu anaboola, anaponya chikwama kutsidya, anagwada, napyola. Minga inamung'ambira bulauzi paphewa. Analowa m'munda wa tiyi, masamba onyowa akumukwapula mpaka m'chiuno. Amayi othyola tiyi, madengu ali kumsana, anaimika manja n'kumamuyang'ana. Wina anakuwa kuti, "Kwagwanji, akhukhi?" Iye anangokweza dzanja osaima. Pamene dzuwa linkasuzumira m'mitambo, anali atafika kale pamsewu.

Anapeza wakabaza wa njinga yamoto atabisala mvula pansi pa mtengo wa mango. Anayenda m'matope, njinga ikutsetsereka uku ndi uku, mpaka kumtsinje. Madzi anali ofiira, okwiya, ndipo kamlatho ka matabwa kanali katamira. Kunkangooneka waya wogwirira.

"Apa ndiye pothera, amayi," anatero wakabaza. "Tidikire aphwe."

"Inu ndi amene mudikire. Ndikubwera ndi wodwala, musachoke."

Anavula nsapato, anamanga chitenje molimba, anagwira waya. Madzi anamufika m'ntchafu, akumukoka ngati munthu. Ankafufuza thabwa ndi chala chakuphazi, n'kuponda, n'kufufuzanso. Atafika tsidya linalo anathamanga.

Pakhomo pawo panali amayi atatu apafupi, atakhala pakhonde mwakachetechete. Anawadutsa osapereka moni. M'nyumba anapeza a Edina ali pamphasa, Sungeni atamugoneka pamiyendo. Mwanayo anali atauma khosi, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Fainesi anamutambasula kadzanja. Chikhatho chinali choyera ngati pepala.

"Wabwera bwanji?" a Edina anafunsa. "Nanga ntchito?"

"Zayamba liti izi?"

"Usiku. Amakomoka, amatsitsimuka, amakomokanso. Foni inatha moto. Ndimati kukacha..."

"Kwacha. Ndithandizeni kumubereka."

Mmodzi mwa amayi aja, wachikulire, analowa n'kugwira Fainesi pamkono. "Mwanawe, mtsinje wadzaza. Ungakokoloke naye. Dikira madzi atsike, ife tikhala tikupemphera."

"Pempherani, amayi, ndithokoza. Koma mawu oti dikira ndawamva okwana lero."

Anabereka mwana, anamanga nsalu ziwiri, ina pachifuwa ina m'chiuno. Thupi la Sungeni linkamuotcha pamsana ngati mbaula. Pamtsinje, amuna angapo amene anamva nkhaniyo anali atafika kale. Awiri analowa m'madzi, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo Fainesi anawoloka pakati pawo. Chapakati thabwa lina linali litachoka. Mwendo wake unapita pansi, madzi anafika m'chiuno, waya unamucheka m'manja, koma sanausiye. Wakutsogolo anamukoka ndi lamba wa chikwama.

Wakabaza uja anali asanachoke. Ataona mwanayo sanafunse kanthu, anangoliza njinga.

Pachipatala chaching'ono cha kuderako anapeza namwino mmodzi, amene anasiya tiyi wake ataona maso a mwanayo. Anamubaya kachala, anayang'ana m'zikope, anamubaya jakisoni pomwepo.

"Ndi malungo aakulu, mayi, ndipo magazi atha. Kuno sitingathe. Ndikuitana ambulansi, mupite kuchipatala chachikulu."

M'ambulansi Fainesi ankangoitana dzina la mwana wake m'khutu, mobwerezabwereza, kuopa kuti akasiya mwanayo asochera. Kuchipatala chachikulu anamulanda mwana m'manja n'kuthamanga naye. Anafunsa ngati pali wachibale woti apereke magazi. Iye anali atapinda kale dzanja la bulauzi. Dzuwa likupendeka, Sungeni anali pabedi m'wodi ya ana, diripi kudzanja ili, magazi kudzanja linalo, kukomoka kutasiya koma maso asanatsegule. Dokotala, mtsikana wamagalasi wooneka wotopa, anaima kumiyendo kwa bedi.

"Ndinu amake? Mwachita bwino kuthamanga. Mukanabwera madzulo, bwenzi tikukamba zina. Tsopano tione usiku uno."

Foni inalira m'chikwama. Anali Mayi Kaliwo. Fainesi anatuluka pakhonde la wodi.

"Fainesi, ndamva kwa alonda, iwo amva kwa wakabaza. Pepa kwambiri. Mwana ali bwanji?"

"Akumuika magazi."

"Mulungu alipo. Ndiye ali m'manja mwa madokotala, eti? Zija ndinalankhula m'mawa tiziiwale, unali mkwiyo chabe. Ndikutumiza galimoto idzakutenge. Udzangophika, alendo akayamba kudya ikubwezera komweko."

"Musawononge mafuta, madamu."

"Sandalamu wapsereza kale nkhukundembo imodzi!"

"Achepetse moto, ndipo aziithira msuzi pafupipafupi."

"Iwe ukachita chiyani pamenepo? Ndiwe dokotala?"

"Ayi. Ndine mayi wake. Akatsegula maso aone ine."

Kumbuyo kwa mawu a Mayi Kaliwo kunkamveka nyimbo za Chingerezi ndi matambula akugundana.

"Eni loji afika, ndipo akufunsa za iwe. Ndikawauza kuti wakana kachiwiri, sindingathe kukuteteza. Ukumva?"

"Ndamva, madamu. Muwauze zoona zokhazokha. Mudye bwino Khirisimasi."

Anazimitsa foni.

A Edina anafika kuli chisisira, madzi atatsika, atakwera njinga ndi minibasi, ndodo m'manja, kamtolo ka zovala pamutu. Anaima pabedi nthawi yaitali akuyang'ana mdzukulu wawo. Kenako anakhala pansi pasimenti, miyendo yotupa itatambasuka.

"Ndinkaopa, mwanawe," anatero. "Ndimati ndikakuuza usiya ntchito."

"Ndasiya, amayi."

A Edina anagwira pakamwa.

"Musadzandibisirenso matenda a mwana. Ngakhale ndikhale ndikuphikira mfumu ya dziko."

"Nanga unadziwa bwanji? Ndani anakuuza?"

Fainesi anakhala pambali pawo nawafotokozera zonse, motsitsa mawu kuti a pabedi loyandikana asamve: chisitovu chakuda, lamba wofiira, chala chopindika, mkazi wa pawindo. Atafika pa mawu a anganga, a Edina anaweramitsa mutu, misozi ikudonthera pachitenje.

"Dzina lake anali Sailesi," anatero pamapeto pake. "Mlongo wanga ameneyo. Ine ndinabadwa iye atapita kale. Ababa sanalitchulenso dzinalo mpaka kumanda, ndinachita kulimva kwa amayi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, nayang'ana pansi ngati pali wina wagona pamenepo. "Ababa, wamva mdzukulu wanu. Wolakwa ndine, amene ndinamuloleza. Gonani tsopano."

Pasanapite nthawi amayi a mpingo wina analowa m'wodimo atavala zoyera, atanyamula mabanzi m'beseni. Anaima pakati pa mabedi n'kuimba za mwana wobadwira m'khola, motsitsa, kuti odwala asadzidzimuke. Amayi odwazika anayamba kuthira mang'ombe mmodzimmodzi, ena ali pansi, ena atatsamira mabedi. A Edina nawo analowa ndi mawu awo osasa. Fainesi sanaimbe. Anagwira kaphazi ka Sungeni m'manja onse awiri, akumvetsera kutentha kukutsika pang'onopang'ono.

Kutacha, mabelu a matchalitchi akulira m'tauni, kaphaziko kanagwedezeka.

"Amayi?"

"Ndili pano."

"Mwabwera liti?"

"Dzulo."

"Mupitanso?"

"Ayi."

Sungeni anayang'ana botolo la diripi, anayang'ana agogo ake, kenako anatseka maso ngati akuganiza nkhani yaikulu.

"Ndikufuna mango."

Mayi wa pabedi loyandikana, amene mwana wake anali ndi chibayo, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anapisa m'jumbo lake natulutsa bango limodzi lakupsa bwino, nalipereka ndi kampeni komwe. Fainesi analandira ndi manja awiri, anakhala m'mphepete mwa bedi, nayamba kusenda. M'manja mwake mochekeka ndi waya munkawawa ndi madzi a bangolo.

A Edina anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa, ngati munthu woopa yankho.

"Nanga poti ntchito yatha, tizidya chiyani?"

"Chimene ndiziphika ine, amayi."

Anadula kachidutswa kakang'ono, nakayandikiza pamilomo youma ya mwana wake.

"Yasamula, Sungeni."